Malinga a dothi a pamapiri a ku Britain: anamanga ndani, nanga akusungidwa bwanji?

Kum'mwera kwa England, m'chigawo cha Dorset, makilomita osakwana atatu kuchokera m'tauni ya Dorchester, kuli phiri lotambalala ngati msana wa ng'ombe. Munthu wozolowera khasu akaliona patali angaganize kuti chimphona china chinaunga mizere kuzungulira phiri lonselo. Mizereyo ndi makoma a dothi, atatu, pena anayi, ndipo pakati pa khoma ndi linzake pali ngalande yakuya. M'malo ena khoma limatalika mamita 6. M'kati mwake muli bwalo la mahekitala 19, omwe ndi maekala 47, ndipo lero mumadya nkhosa. Malowa amatchedwa Maiden Castle, koma dzinali ndi la anthu obwera pambuyo. Eni ake amene anasenza dothilo sanasiye dzina lawo, la mfumu yawo, kapena la phirilo, chifukwa sankalemba.

Angerezi amatcha malo otere kuti hillfort. Ife tili ndi mawu athu, linga, ndipo si mawu obwereka. M'zaka za m'ma 1800 Achewa ambiri anamanga malinga, ena n'kukwera kumapiri pothawa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Anthu a Mfumu Mazengera ankakhala paphiri la Nkhoma pamene amishoni ankafika mu 1896, ndipo ku Nkhotakota dzina loti Linga lidakalipo. Kusiyana kwake n'koti mbiri ya malinga athu idakali m'kamwa mwa agogo: alipo amene anamva kwa makolo awo za njala ya paphiri ndi kutunga madzi usiku. Malinga ambiri a ku Britain ndi akale zaka zoposa 2,000, ndipo m'kamwa mwa anthu simunatsale kanthu. Chilichonse chimene chingadziwike za iwo chili m'nthaka. Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse ya kuwateteza.

Si amodzi, ndipo si a nthawi imodzi

Mu 2017 akatswiri a ku mayunivesite a Oxford, Edinburgh ndi Cork, motsogozedwa ndi Gary Lock ndi Ian Ralston, anaika pa intaneti kaundula wa malinga onse a ku Britain ndi Ireland. Anawerenga malo 4,147, ndipo pafupifupi 1,700 mwa amenewa ali ku Scotland. Anthu wamba ongodzipereka anathandiza nawo poyendera mapiri a kwawo ndi kulemba zimene aona.

Kuwerengako kunaonetsa kuti dzina limodzili likuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Ena ndi aang'ono, okwana banja limodzi ndi ziweto zake. Ham Hill, ku Somerset, ndi wa mahekitala oposa 80. Kumene kuli miyala yambiri anamanga ndi miyala: ku Tre'r Ceiri, kumpoto kwa Wales, makoma amiyala adakaima, ndipo m'kati muli maziko a nyumba zozungulira pafupifupi 150. Ku Scotland kuli malinga ena amene miyala yake inapsa ndi moto waukali mpaka kusungunuka n'kumatana ngati galasi. Ena sali paphiri n'komwe, ali pamphepete mwa nyanja kapena m'dambo.

Oyambirira anamangidwa cha m'ma 1000 BC, ndiko kuti zaka 1,000 Yesu asanabadwe, kumapeto kwa nyengo imene zida zinkapangidwa ndi mkuwa. Ambiri ndi a nyengo ya chitsulo, kuyambira cha m'ma 800 BC mpaka Aroma atalowa m'dzikomo mu AD 43. Kumpoto ndi kumadzulo, kumene dzanja la Aroma silinagwire kwambiri, anthu anapitiriza kukhala m'malinga ngakhale kumanga atsopano kwa zaka mazana ena.

Maiden Castle payekha ali ngati nyumba yomangidwa pabwinja la inzake. Cha m'ma 3500 BC, chitsulo chisanadziwike, alimi oyambirira anakumba ngalande zawo paphiripo. Kenako anaunjika mtumbira wautali mamita oposa 500. Phiri linakhala zaka zambiri lopanda mudzi. Cha m'ma 600 BC anamanga linga loyamba la khoma limodzi, la mahekitala 6 ndi pang'ono. Cha m'ma 450 BC analikuza katatu, ndipo m'mibadwo yotsatira anawonjezera makoma ndi kupotoza zipata, mwakuti wolowa amayenda mokhotakhota pakati pa zimilu asanafike pakhomo. Pomalizira, m'zaka za m'ma 300 AD, anthu a m'nthawi ya Aroma anamangapo kachisi wamng'ono, amene maziko ake amaonekabe.

Kodi analidi a nkhondo?

Kwa nthawi yaitali yankho linali inde, popanda kukayika. Mu 1931 katswiri wina, Christopher Hawkes, anafotokoza kuti malingawa anadza ndi magulu a anthu olowerera kuchokera ku Ulaya, gulu ili pambuyo pa linzake. Maganizo amenewa anagwa m'zaka za m'ma 1960, umboni utaonetsa kuti zambiri zinkasintha pang'onopang'ono pakati pa anthu omwewo a m'dzikomo.

Zizindikiro za nkhondo zilipo ndithu. Pafupi ndi chipata cha kum'mawa cha Maiden Castle anapeza dzenje lodzaza ndi miyala yobulungira ya gulaye yoposa 20,000, yotoledwa kugombe la nyanja n'kukwezedwa kuphiri. Munthu sasonkhanitsa miyala yochuluka chotero pofuna kuingitsa mbalame m'munda. Koma palinso zina zimene sizigwirizana ndi nkhondo yokha. Malinga ambiri alibe chitsime m'kati, ndiye sakanapirira kuzingidwa kwa masiku ambiri. Ena ali pamalo poti mdani atakwera phiri loyandikana angaone zonse za m'kati. Ena ndi aakulu kwambiri moti asilikali oti ateteze khoma lonse sakanapezeka. Ndipo ena atawafukula anawapeza opanda nyumba n'komwe.

Linga limene laphunzitsa anthu zambiri ndi Danebury, ku Hampshire. Barry Cunliffe analifukula chaka ndi chaka kuyambira 1969 mpaka 1988. Anapezamo misewu, nyumba zozungulira, timanyumba ta mizati inayi timene ambiri amati tinali nkhokwe zokwezeka, ndiponso maenje ambirimbiri okumbidwa m'mwala woyera wa choko, osungiramo tirigu ndi barele. Mlimi wa kuno angafunse kuti mbewu ingasungike bwanji m'dzenje osawola. Funso lomweli analiyesa Peter Reynolds pa famu ya Butser, kumene kuyambira 1972 akhala akuyesera kulima ndi kumanga monga ankachitira akalewo. Anapeza kuti dzenje likamatidwa bwino ndi dongo, mbewu za m'mphepete zimayamba kumera, n'kumaliza mpweya wonse wabwino wa m'katimo. Zikatero zotsalazo zimagona, ndipo tizilombo ndi nkhungu zimalephera kuchuluka. M'maenje ena, atatha ntchito, ankaikamo zigaza za akavalo, agalu athunthu, pena mafupa a anthu, mwadongosolo looneka kuti linali mwambo.

Choncho akatswiri ambiri masiku ano amaona linga ngati malo a ntchito zingapo: pothawira zinthu zikavuta, nkhokwe ya dera lonse, khola, msika, bwalo la milandu ndi miyambo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi kamangidwe kake. Dothi lonselo linakumbidwa ndi manja ndi kusenzedwa m'madengu. Ena amati mafumu ankagwiritsa anthu thangata, ena amati inali ntchito ya dima, midzi ikukumana nyengo yake, kukumba, kudya ndi kumwa pamodzi, mwakuti kumangako pakokha n'kumene kunkalumikiza anthu. Khoma longomalizidwa kumene m'dera la choko linkawala mbee, loonekera kutali. Linkauza wodutsa kuti kuno kuli anthu, ndipo ndi ambiri.

Nkhani ya manda a pachipata

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna kuikhalira pansi, chifukwa ikuyankha funso loti n'chifukwa chiyani tiyenera kusunga dothi limene sitikuliona m'kati.

Kuyambira 1934 mpaka 1937, Mortimer Wheeler anafukula Maiden Castle pamodzi ndi mkazi wake Tessa, amene anamwalira mu 1936 ntchito ili m'kati. Wheeler anali munthu wodziwa kukopa atolankhani, ndipo alendo ankabwera mwaunyinji kudzaonerera. M'chaka chomaliza, pachipata cha kum'mawa, anapeza manda a anthu oposa 50. Ena anali ndi mabala a lupanga m'mutu. Mmodzi anali ndi chitsulo chosongoka chitalowa m'fupa la msana. Panalinso phulusa lambiri pafupi.

Wheeler ankadziwa zimene analemba Suetonius, wolemba mbiri wa ku Roma, kuti Vespasian, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu ya Roma, anagonjetsa midzi ya malinga yoposa 20 kum'mwera kwa Britain. Analumikiza ziwirizi. Anafotokoza kuti asilikali a Roma anaukira chipata, anatentha nyumba, anapha amuna ndi akazi, ndipo opulumuka anakwirira abale awo mofulumira usiku womwewo. Lipoti lake linatuluka mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati, ndipo iye mwini anali msilikali. Anthu amene ankaopa kuti dziko lawo lilandidwa anaimva nkhaniyi mumtima. Inalowa m'mabuku a sukulu ndipo inakhalamo zaka zambiri.

Mu 1985 ndi 1986 Niall Sharples anabwerera paphiripo, anafukulanso pang'ono ndi kuunikanso zolemba za Wheeler. Anaona kuti mwa anthu 52 aja, 14 okha ndiwo anali ndi mabala ooneka a nkhondo. Maliro sanaikidwe mothamanga: anawagoneka mwaulemu, ndi miphika, nyama ndi zokongoletsa. Phulusa lija linkagwirizana kwambiri ndi ntchito ya osula zitsulo amene ankagwirira pachipatapo. Kenako mu 2025 akatswiri a ku yunivesite ya Bournemouth anafalitsa zotsatira za kuyeza zaka za mafupawo ndi njira ya radiocarbon. Anapeza kuti anthuwa sanafe tsiku limodzi. Anafa m'mibadwo ingapo, kuyambira Aroma asanafike. Nkhanza zinalipo, zoopsa, koma zambiri zinali za pakati pa eni dziko okhaokha.

Wheeler sanali wabodza, ndipo anali mmodzi mwa ofukula osamala kwambiri a m'nthawi yake. Anawerenga nthaka ndi maso a m'badwo wake komanso zida zimene zinalipo, pakuti njira ya radiocarbon inatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kukonza cholakwacho kunatheka chifukwa cha zinthu ziwiri: mafupa anasungidwa kumyuziyamu ya ku Dorchester, ndipo gawo lalikulu la phirilo silinakhudzidwe. Kufukula n'kuwononga. Dothi lili ndi magawo osanjikizana, lapansi lakale, lapamwamba latsopano, ndipo tanthauzo la phale la mphika lili pa malo amene lagona. Ukalichotsa, sungalibwezere. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake masiku ano chilolezo chofukula linga lotetezedwa sichipatsidwa chisawawa, ndipo opatsidwawo amakumba kachigawo kakang'ono n'kusiyira obwera m'tsogolo, amene adzakhale ndi zida zoposa za lero.

Lamulo linabwera mochedwa, ndipo linayamba lopanda mano

M'zaka za m'ma 1800 mwini malo ku Britain ankatha kugumula linga, kuphwanya miyala ya manda akale n'kukonzera msewu, popanda womufunsa. John Lubbock, phungu wa nyumba ya malamulo, anayamba kubweretsa bilu yoteteza malo akale mu 1873. Inakanidwa kambirimbiri, chifukwa aphungu ambiri anali eni minda ikuluikulu ndipo ankaona kuti boma likufuna kulowerera pa chuma chawo. Lubbock anafika pogula yekha malo ena ndi ndalama zake, monga Silbury Hill, kuti asawonongedwe.

Lamulo linadutsa mu 1882 litafooketsedwa. Linatchula malo 68 m'Britain ndi Ireland, kuphatikizapo malinga monga Old Sarum, Uffington Castle, Barbury Castle ndi Cadbury Castle. Woyang'anira woyamba anali Augustus Pitt Rivers, mkulu wa asilikali wopuma, amene anayamba ntchito mu 1883, ndipo chaka chotsatira Lubbock anakwatira mwana wamkazi wa Pitt Rivers. Ntchito yake inali yoyenda kwa eni malo n'kuwapempha kuti apereke malowo m'manja mwa boma kuti liziwasamalira. Wokana ankangokana, nkhani n'kuthera pomwepo. Linga la Hunsbury, pafupi ndi Northampton, linali pamndandandawo, koma m'zaka zomwezo a migodi ankakumba mwala wa chitsulo m'kati mwake mpaka gawo lalikulu la m'katimo linatha. Makoma okha ndiwo anapulumuka.

Mano anayamba kumera mu 1913, pamene boma linapatsidwa mphamvu yoletsa mwini malo kuwononga. Komabe malinga ena anapitabe. Braich-y-Dinas, paphiri la Penmaenmawr kumpoto kwa Wales, linali ndi nyumba zamiyala zambiri, ndipo linadyedwa lonse ndi kwale. Dinorben, ku Wales komweko, linatha chimodzimodzi. Ku Traprain Law, kum'mawa kwa Edinburgh, kumene mu 1919 kunapezeka siliva wa Aroma wolemera makilogalamu oposa 20, kwale inadya mbali imodzi ya phiri mpaka m'zaka za m'ma 1970.

Lamulo limene likugwira ntchito ku England ndi Scotland lero ndi la 1979, ndipo Wales ili ndi lake latsopano lomangidwa pa maziko omwewo. Malo ofunika ku dziko lonse amalembedwa m'kaundula wa boma, n'kujambulidwa malire pamapu. Ku England malo otere alipo pafupifupi 20,000. Kulembedwako sikulanda malo. Mwini wake amakhalabe mwini, ndipo sakakamizidwa kulola anthu kulowamo. Chimene chimasintha n'choti sangakumbe, kumanga, kudzala mitengo, kuthira dothi ngakhale kuzika mizati ya mpanda popanda chilolezo cholembedwa. Kuchita zimenezi popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuwononga dala kungapititse munthu kundende. Kuyenda ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka pamalo otere popanda chilolezo n'koletsedwanso. Amene amayang'anira ndi Historic England ku England, Cadw ku Wales ndi Historic Environment Scotland ku Scotland. Malinga ochepa otchuka ali m'manja mwa mabungwe monga English Heritage ndi National Trust, kapena makhonsolo. Ochuluka ali m'minda ya anthu.

Adani amene lamulo silingawamange

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Lamulo limaletsa mwini malo kuwononga, koma silimukakamiza kusamalira. Ndipo zimene zikudya malinga masiku ano kawirikawiri si munthu wa mtima woipa wobwera ndi katapila.

Mdani wamkulu wakhala pulawo. Lamulo la 1979 linabwera ndi chilolezo cha onse chonena kuti munda umene unkalimidwa kale ungapitirize kulimidwa monga mwa nthawi zonse. Zikumveka zachilungamo kwa mlimi, koma nthaka ya pamtunda imakokoloka chaka chilichonse, ndiye pulawo yolowa mulingo womwewo imafika pansi pang'ono kuposa chaka chatha. Pang'ono ndi pang'ono imapala pansi pa nyumba zakale, mafuwa ndi kukamwa kwa maenje. Mu 2003 English Heritage inanena kuti malo otetezedwa pafupifupi 3,000 ku England anali kulimidwa. Njira imene yathandiza si kuopseza ayi, koma kulipira: boma limapatsa mlimi ndalama kuti aleke kulima pamalopo, adzale udzu n'kumadyetsapo ziweto.

Ziwetozo nazo zimafuna muyezo. Nkhosa zochepa bwino ndizo mlonda woposa onse, chifukwa zimadula udzu, udzuwo n'kugwira dothi, zitsamba n'kulephera kukula. Zikachuluka, kapena pakakhala ng'ombe nyengo ya mvula, zimaponda n'kung'amba khoma, madzi n'kupeza polowera. Zikachotsedwa zonse, pamamera tchire ndi mitengo. Mizu imasokoneza magawo a dothi, ndipo mtengo ukagwa ndi mphepo umazula chigawo cha khoma. Ntchito ya ku Danebury ija inayamba chifukwa mitengo imene inadzalidwa paphiripo inali kufa, ndipo khonsolo ya Hampshire inafuna kuti nthaka ifufuzidwe isanasokonezedwe. Pali chomera china chotchedwa bracken chimene mizu yake imayanga pansi ngati ukonde n'kuphwanya zonse. Akalulu amakumba mauna m'makoma chifukwa dothi lake ndi lofewa. Kanyama kotchedwa badger, kofanana ndi chiuli, kamakumba kwambiri kuposa akalulu, koma nako n'kotetezedwa ndi lamulo la 1992, ndiye osamalira linga amapezeka ali pakati pa malamulo awiri ndipo amayenera kupempha chilolezo china kuti akasamutse.

Ngakhale okonda malingawo amawapweteka. Aliyense akakwera amafuna kuyenda pamwamba pa khoma kuti aone patali, ndipo mapazi zikwizikwi, njinga ndi njinga zamoto zimasandutsa kanjira kukhala ngalande ya madzi. Ndiye pali akuba a usiku oyenda ndi makina ofufuzira zitsulo. Ndalama yakale imene amaba ingagulitsidwe pamtengo wochepa, koma dzenje limene asiya lachotsa tsamba m'buku limene lilipo limodzi lokha.

Ntchito yeniyeni yoteteza linga, tsono, si yochititsa kaso. Ndi kudula zitsamba, kukwirira mabala a khoma ndi dothi lochokera kwina n'kudzalapo udzu, kupatutsa njira ya oyenda, kugwirizana ndi mlimi za chiwerengero cha nkhosa. Yambiri imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka Loweruka ndi Lamlungu. Zida zatsopano zathandiza kuona popanda kukumba. Pali makina oyeza nthaka amene amaonetsa nyumba ndi maenje ali pansi, komanso LiDAR, kuwala koponyedwa kuchokera m'ndege kumene kumajambula maonekedwe a nthaka ngakhale pansi pa mitengo. M'chilimwe cha 2018 kutagwa ng'amba, ngalande zakale zimene zinafafanizika ndi pulawo zinaonekera m'minda ya ku Wales ngati mizere yobiriwira pakati pa mbewu zouma, chifukwa dothi la m'ngalande limasunga chinyezi.

Mzere wa pamapu umathera pakhoma

Mkangano waukulu wa zaka zaposachedwa sunali wa linga lenilenilo koma minda yolizungulira. Old Oswestry, ku Shropshire, pafupi ndi malire a Wales, ndi limodzi mwa malinga osungika bwino kwambiri m'dzikomo, la makoma ambiri ndi chipata cha kumadzulo chokhala ndi maenje akuluakulu. Khoma lina lalitali la nthawi ya pambuyo, Wat's Dyke, linalumikizidwa kwa ilo. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a kukampu ya Park Hall ankaphunzirira kukumba ngalande za nkhondo m'kati mwake, zimene zinawononga zambiri, ngakhale lero ngalandezo nazo zasanduka mbiri.

Khonsolo ya Shropshire itayamba kusankha malo omangapo nyumba zatsopano, ena mwa malowo anali m'munsi mwa phirili. Anthu a m'tauniyo anayambitsa gulu lotchedwa Hands Off Old Oswestry Hillfort, ndipo akatswiri otchuka a mbiri yakale anawaikira kumbuyo. Malo ena oyandikira kwambiri anachotsedwa, koma pulani imene inavomerezedwa mu 2015 inasiya malo a nyumba 117. Kukokana kunapitirira zaka zina, ndipo mu 2023 khonsolo inaloleza nyumba 83.

Palibe amene ankafuna kukhudza khoma. Nyumbazo zili kunja kwa mzere wotetezedwa, mamita mazana angapo. Malamulo a mapulani ku England amavomereza kuti malo ozungulira chinthu chakale ndi gawo la kufunika kwake, koma amati kuwonongeka kwake kuyezedwe pasikelo ndi phindu limene anthu apeze. Ndipo phindulo si lopeka: Britain ili ndi vuto lalikulu la nyumba, monga angachitire umboni Mmalawi aliyense amene amalipira lendi kumeneko. Sindingamunene munthu wofuna pogona kuti ndi mdani wa mbiri.

Komabe ine ndili kumbali ya amene ankakana. Linga linamangidwa kuti lizioneka kuchokera kutali ndiponso kuti woima pamwamba aziona dziko. Minda, madambo ndi njira za m'munsi ndizo zinkadyetsa anthu a paphiripo, ndipo pansi pa minda imeneyo ndi pamene pagona umboni wa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Nyumba zingamangidwe mbali ina ya tauni, koma phiri silingasamuke. Choopsa china n'choti kuyeza kwa pasikelo kumachitika pulani imodzi imodzi. Iliyonse payokha imaoneka kuti ikuwononga pang'ono, ndipo yotsatira imadzanena kuti malowo ndi omangidwa kale. Poundbury, linga lina la ku Dorchester, lili kale m'mphepete mwenimweni mwa tauni, ndipo linapulumuka m'zaka za m'ma 1850 chifukwa anthu anaumiriza kuti njanji idutse pansi pake m'malo molidula pakati.

Pali linga lina limene khonsolo, khoti kapena gulu la anthu silingalipulumutse. Dinas Dinlle lili pagombe la kumpoto chakumadzulo kwa Wales, pachulu cha dongo ndi mchenga chimene nyanja ikuchidya. Mbali ya kumadzulo inagwera kale m'madzi, ndipo mvula yamphamvu ikagwa, phompho limagumukanso. Malowa ndi a National Trust ndipo ali m'kaundula wa boma, koma kumanga khoma lotchinga nyanja pamenepo sikungatheke. Apa lamulo loti usakumbe linatembenuzidwa. Mu 2019 ndi 2021 akatswiri ndi anthu a m'deralo anafukula m'mphepete mwa phomphomo, ena atamangidwa zingwe m'chiuno, kuti alembe zimene zilipo madzi asanatenge. Pansi pa mchenga wouluzika ndi mphepo anapeza nyumba yozungulira yamiyala, yotambalala pafupifupi mamita 13, imodzi mwa zazikulu kwambiri zimene zapezekapo ku Wales. Anaiyeza, anaijambula mbali zonse, n'kulimbitsa makoma ake kuti alendo aziiona. Ili mamita ochepa kuchokera pamene nthaka ikuthera.